Lichero Lomwe Linapita ku Tete

Amuna anga anali oluka malichero, koma atamwalira m'nyumba mwanga munalibe lichero ngakhale limodzi. Anthu akamva zimenezi amaseka, ndipo masiku ano inenso ndimaseka nawo. Abwino onse ankapita ndi ogula, ena kumsika ku Ulongwe, ena ankawoloka nawo malire mpaka ku Dedza. Ine ndinkapetera lakale lomwe anandilukira chaka chomwe tinakwatirana, lokhala ndi chigamba cha kachikopa ka mbuzi pakati. Ndikadandaula ankangoti, "Lako likubwera, ndikudikira nsungwi yabwino." Nsungwi yabwino ikapezeka, munthu wina anali atafika kale pakhonde kudzapempha, ndipo ndinali ine ndemwe wolowa m'nyumba kukalitsitsa kudenga n'kumupatsa.

Lakale lija adzukulu okumba manda analitenga kukatapira dothi m'dzenje. Kwathu chinthu chomwe chagwira ntchito kumanda sitibwera nachonso kumudzi, choncho analivundikira pamtumbira n'kulisiya komweko. Mpeni wawo, nkhwangwa ndi kachitsulo koboolera, abale awo anatenga titameta koyamba, pakuti iwo anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo kunali cha ku Domwe. Sindinakane, ndi mmene zimayendera. Anandisiyira ana, munda ndi mbuzi. Koma chogwirika chochokera m'manja mwawo ndinalibe.

Anamwalira ndi chifuwa mvula ili pakati, chimanga chikumasula. Chinali chaka chomwe makamiyau, magalimoto aakulu a asilikali, anayamba kudutsa pafupipafupi mumsewu waukulu, Apwitikizi atatsala pang'ono kuchoka, ngakhale ife panthawiyo sitinkadziwa kuti achoka. Titakolola ndinkabwereka lichero kwa akulu anga, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa yanga. Iwo pakamwa pawo sipankakhala chete.

"Mkazi wa mluki wabwera kudzabwereka," ankatero akandiona. "Tenga, koma usalizolowere. Analuka ndi amuna ako omwewo, ine ndinagula, iwe unkangowaphikira."

Amuna anga sankalukira pakhomo. Anali ndi anzawo a kwawo, omwe anaphunzira nawo ntchitoyi kwa malume mmodzi, nawonso anadzakwatira kutsidya kwa dambo lathu. Sanali abale enieni, koma ine ndinkawaitana kuti alamu, iwonso ankandiitana chimodzimodzi, ndipo tinkanyozana monga amachitira alamu. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo ya mapichesi pafupi ndi kamtsinje, pabwino poviika nsungwi. Kumeneko n'komwe awiriwo ankakhala chilimwe chonse. Ine sindinkapitako. Kuluka ndi kwa amuna, kwathu ndi kupeta. Ndinkangowaona akuchoka m'mawa mpeni uli m'chiuno, madzulo n'kubwera ndi tizitsotso ta nsungwi m'malaya.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu ndikupuntha nyemba pabwalo, ndinaona alamu akubwera ndi munthu wokankha njinga. Anali apulofesolo atsopano, aphunzitsi a pashikola ya m'mudzi, munthu waulemu, wa kuchigwa, wosazolowera kuzizira kwathu, pakuti anali atadzikulunga khosi ndi nsalu. Ndinawayalira mphasa. Titapatsana moni ndi kupepesana za maliro, apulofesolo anayamba kufotokoza, ndipo ndinachita kuwapempha kuti abwereze chifukwa koyamba sindinamve.

Nkhani inali yotere. Mvula isanayambe, apulofesolo akale anayenda m'midzi kusonkhanitsa ntchito za manja, mbiya, mphasa, mipando yosema, madengu ndi malichero, kuti zikaonetsedwe ku Ulongwe, komwe masiku amenewo tinkangoti ku Vila. Kunali kukonzedwa fesita yoonetsa zokolola ndi zopangapanga, ndipo amisiri opambana akayamikidwa pamaso pa anthu. Koma apulofesolo akalewo anasamukira ku Malawi ndi banja lawo, monga ankachitira ambiri nthawi imeneyo, ndipo zakuti ichi anapanga ndani anapita nazo m'mutu mwawo. Oumba mbiya anazindikira zawo, osema anazindikira zawo. Linatsala lichero limodzi, lomwe oweruza anati laposa zoluka zonse.

"Onse akuvomera kuti linachokera pa mapichesi paja," anatero apulofesolo. "Oluka anzawo akuti dzanjalo ndi la abambo awa. Koma abambo awa akukana, akuti ndi la malemu. Mayi, ine ndaona anthu akulimbirana chinthu, koma wokana chake sindinamuonepo."

Ndinatembenukira kwa alamu. "Inu alamu, mwakalamba mpaka kuiwala dzanja lanu?"

"Ndanena kale kuti si langa," anayankha akuyang'ana nyemba zanga. "Nyembazi mwapuntha zisanaume, alamu. Ulesi uja simunasiye."

"Musiye nyemba zanga. Lichero ndi la yani?"

"Mukalione nokha."

Apulofesolo anati fesitayo inali mawa lake, ndipo ankafuna kuti ndikapenye ndine, popeza palibe wina akanadziwa ntchito ya malemu koposa mkazi wawo. Mawu amenewo anandiopsa, koma m'mtima munabwera china. Ndinafunsa kuti, "Likakhala lawo, ndibwera nalo kuno?"

"Ndikhulupirira choncho, mayi," anatero.

Alendo atangochoka akulu anga anatulukira kuseri kwa nkhokwe, komwe anamvera zonse.

"Supita," anatero. "Sitinamete kachiwiri, nsalu yakuda ikadali kumutu, ndiye ukaime pomwe pakulira ng'oma? Anthu adzati wayamba kale kuyendera amuna."

"Sindikupita kukavina. Ndikupita kukatenga lichero."

"Ukalidziwa bwanji? Unayamba wakhalapo pansi n'kuyang'ana zomwe ankaluka munthu uja?"

Ankanena zoona. Malichero awo ambirimbiri anadutsa m'manja mwanga, koma ndinkangowapereka. Ukandifunsa kuti maluwa ake ankayenda bwanji, sindikanatha kunena. Ndinalowa m'nyumba, ndinatapa mphale yomwe ndinali nditakonola koma ndisanapete, ndinaimanga pakansalu. Akulu anga anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Anzako akupita kufesita ndi mipango yatsopano, iwe ndi gaga. Chabwino, ndikuperekeza, anthu aone kuti suli wekha. Koma ukangoseka kumeneko, ndikubweza ndi khutu."

Tinanyamuka m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu. Alamu anali patsogolo ndi ndodo yawo, ife pambuyo. Tinapitirira minda ya kachewere yomwe anthu anali atakumba kale, tinawoloka madambo, mapazi atachita dzanzi, ndipo dzuwa litakwera tinayamba kumva chimkuzamawu chikulira patali.

Zomwe ndinaona kumeneko mpaka lero sindizimvetsa bwino. Anamanga misasa yaudzu mozungulira bwalo. Kwina kunali ng'ombe zosambitsidwa, kwina milu ya kachewere ndi chimanga chosankhidwa, kwina ana a shikola atafola akuimba nyimbo za Chipwitikizi. Msasa wa ntchito za manja unali kumapeto. Mbiya zinali pamatebulo oyalidwa nsalu zoyera, zopanda madzi, zopanda mwaye. Mtondo unaima pakona, wosalala, wosasinjidwamo. Mphasa anazipachika m'mwamba pomwe munthu sangakhalepo. Akulu anga, atatopa ndi ulendo, anaona mpando wosema n'kukhalapo. Nthawi yomweyo anathamangira sipayi, mlonda wa boma wovala chipewa chofiira.

"Dzukani, mayi! Umenewo si wokhalira."

"Nanga ndi wotani?"

"Ndi woona."

"Ndauona kale, tsopano ndikuuyesa," anatero akulu anga, koma anadzuka. Kenako anandinong'oneza kuti, "Kuno anthu apenga. Mpando woona!"

Malichero anawakhomera kukhoma la msasa, kuyang'ana kwa anthu, monga zimakhalira zithunzi za oyera m'tchalitchi. Limodzi linali ndi kansalu kofiira kolendewera. Apulofesolo anatipeza pomwepo n'kundilozera. Oluka a m'midzi ina anali ataima chapafupi, ndipo ataona nsalu yanga yakuda anapatuka kundipatsa njira.

Ndinaliyang'ana. Linali lokongola, zimenezo ngakhale mwana akanaona. Nsungwi zina anazisiyira khungu lake lobiriwira, zina anazipala mpaka kuyera, ndipo zinkakwera ngati masitepe kuchokera pakati kupita m'mbali. Ndinayang'ana lina la pambali pake, ndinabwereranso kwa lofiira lija. Ndinkayembekeza kuti ndikangoliona china chake chindiuza, monga umadziwira mwana wako pakati pa ana ambiri ngakhale atakufulatira. Koma palibe chomwe chinandiuza. Linali lichero basi.

"Mayi, mukuti bwanji?" anafunsa apulofesolo.

"Mkomberowo ndi wa awa," analowerera mluki wina wa ndevu zoyera, akuloza alamu. "Taonani mmene chilambe chalumira. Palibe wina amamanga chonchi kuno konse. Akungokana dala."

Mkombero ndi kamtengo kopinda kozungulira m'mphepete mwa lichero, ndipo chilambe ndi chingwe cha m'tchire chomwe amamangira. Zimenezi ndinkazidziwa, koma kuti pali kumanga kwa uyu ndi kumanga kwa uyo, ndinamva tsiku limenelo.

"Ndi maso sinditha," ndinatero. "Mulitsitse."

Apulofesolo anapita kukalankhula ndi dona wina wachizungu yemwe ankayang'anira msasawo. Anakambirana m'chinenero chawo, dona uja akundiyang'ana, kenako anagwedeza mutu. Sipayi analitsitsa n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinagwada pansi, ndinamasula kansalu kanga, ndinakhuthuliramo mphale ija. Dona anakuwa pang'ono atagwira pakamwa. Anthu anaseka, ena anathamangira kudzaona mkazi wamasiye yemwe wabwera kudzapeta pafesita. Akulu anga anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, kudikira woti anene kanthu.

Ndinaimirira n'kuyamba kupeta. Kuponya koyamba sindinamve kanthu. Kachiwiri mphale inagwa n'kubwerera yokha cha kumimba kwanga, gaga n'kutsetserekera kutsogolo. Ndinaponyanso. Inabweranso yokha. Lakale lija linkatero. La akulu anga limatero. Malichero a anthu ena umachita kuikoka mphale ndi dzanja kapena kupendeketsa kwambiri, koma a amuna anga anali ndi kadzenje kosaoneka ndi maso, osati pakati penipeni koma chakuno pang'ono. Ndipo kulira kwake mphale ikamagwa kunali komweko, kofewa, ngati mvula yoyamba paudzu wa denga.

Koma zala zanga zazikulu sizinapeze malo. Amuna anga anali amanzere. Pomanga mkombero chilambe chawo chinkapendekera mbali ina, ndipo zaka zonse zija zala zanga zinkagona m'timipata take osaganizako. Apa chilambe chinkapita mbali yosiyana, chikundikwecha. Ndinasintha kagwiridwe, ndinalitembenuza, koma chinali chimodzimodzi. Ndinasokonezeka. Manja ankandiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Ndinaleka kupeta. "Pakati ndi pawo," ndinatero. "Mkombero si wawo."

"Ndiye kuti chiyani, mayi?" anafunsa apulofesolo.

"Sindidziwa. Afunseni alamu."

Alamu anali atatsamira ndodo, akuyang'ana gaga yemwe anagwera pansi. Mluki wa ndevu uja anawagunda ndi chigongono.

"Kupinda mkombero kumafuna mphamvu," anatero alamu. "Chisanu cha chaka chatha chisanathe, manja a mnzanga anali atayamba kukana. Akati apinde, chifuwa chinkawagwira mpaka kugona pansi. Kuluka ankatha, atakhala, pang'onopang'ono. Ndiye iwo ankaluka, ine n'kumamanga. Onse a chilimwe chathachi ndi otero."

"Chisanu cha chaka chatha?" ndinafunsa. "Iwo anayamba kudwala mvula itagwa."

"Anati ndisakanene kunyumba."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindinawafunse, alamu."

Ndinaima pamenepo lichero lili m'manja, anthu atandizungulira, koma mutu wanga unali kunyumba. Ndinakumbukira tsiku lomwe anandiitana kuti ndimange ndine chingwe cha mbuzi, ine n'kuwaseka kuti asanduka bwana. Ndinakumbukira kuti chaka chimenecho udzu wa denga anafolera ndi mkamwini wathu, iwo akungoloza ali pansi. Tinkagona pamphasa imodzi, tinkadyera pamodzi, koma munthu uja ankachoka m'mawa kukatsokomolera kutsidya kwa dambo. Kaya ankandimvera chisoni, kaya ankachita manyazi, kaya ankaopa kuti ndiwaletsa kupita ku mapichesi kuja. Ndaganiza zaka zambiri, yankho sindinalipeze.

Apulofesolo anamasulira zonse kwa dona uja. Iye anayankha mwachidule, ndipo apulofesolo anakanda kumutu.

"Akuti nkhaniyi ndi yokhudza mtima, koma dzina loitanidwa ndi limodzi pa chinthu chimodzi. Akufunsa kuti ntchito yaikulu ndi iti, kuluka kapena kumanga."

Pamenepo oluka onse anayamba kulankhula nthawi imodzi.

"Popanda mkombero chimenecho ndi kamphasa ka mwana!"

"Nanga popanda pakati? Ndi gudumu loti ana azithamangitsa pamsewu!"

"Wogula amayamba kugwira mkombero."

"Wogula wake wamwamuna. Mkazi amayang'ana pakati."

"Ling'ambeni, aliyense atenge chake," anatero akulu anga, ndipo anthu anaseka.

Alamu anakweza ndodo. "Mkombero ndimanga pa lichero lililonse, ngakhale la wophunzira. Onse ali kukhomako anga ali ndi mkombero womwewo, bwanji sanawamangirire kansalu kofiira? Chomwe aona anthu awa ndi pakati. Aitane mnzanga."

Palibe anatsutsa. Ine ndinakhuthulira mphale yanga pakansalu, ndinakumbatira lichero pachifuwa, ndikuganiza kuti nkhani yatha ndipo tizipita. Koma apulofesolo anayandikira, nkhope ili yamanyazi.

"Mayi, dzulo ndinakuyankhani ndisanafunse. Akuti zonse zomwe zapambana zikwera kamiyau kupita ku Tete, zikaonetsedwe kumeneko, ndipo sizibwerera. Mukafuna kulitenga palibe akuletseni, ndi lanu. Koma akatero kansalu kofiira akamangirira pa lina, ndipo dzina loitanidwa likhala la mwini wa linalo."

"Ku Tete akapetera ndani?"

"Sakapetera. Akalipachika pakhoma."

"Mpaka liti?"

"Sindidziwa, mayi."

Akulu anga anandikoka nsalu. "Tenga tizipita," ananong'ona. "Dzina sudzapetera. Wayenda mtunda wonsewu chifukwa cha chimenechi."

Ndinayang'ana alamu kuti mwina anena kanthu, koma anangoti, "Ndi lanu, alamu. Ine ndilibe mawu." Maso awo anali ofiira.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza mofatsa n'kusankha, koma sizinali choncho. M'mutu munali phokoso lokhalokha, chimkuzamawu, ana oimba, ng'ombe, ndi chifuwa chomwe sindinachimve chija. Mbali ina ndinkafuna kuthawa nalo. Mbali ina ndinkaona munthu atakhala pansi pa mapichesi, manja akukana, akusankhabe nsungwi yobiriwira ndi yoyera kuti masitepe akwere bwino, podziwa kuti apulofesolo akale adzalitenga kupita nalo kwa anthu. Kaya ankafuna kuti anthu alione, kaya analibe nazo ntchito, sanandiuze. Ndinangopezeka ndikulipukuta gaga ndi m'mphepete mwa nsalu yanga, mkati ndi kunja, kenako manja anga anatambasuka okha, monga ankachitira pakhonde wogula akafika. Sipayi analilandira.

"Mayo ine," anatero akulu anga. "Wapereka ndithu."

Apulofesolo anapumira m'mwamba. "Zikomo, mayi. Tsono dzina lawo ndani?"

Ndinawayang'ana. Anabwereza funso lija poganiza kuti sindinamve.

Ine dzina la amuna anga sindinalitchulepo. Kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Tisanabereke ndinkangoti inu, titabereka ndinkawaitanira pa dzina la mwana wathu woyamba, ndipo mudzi wonse unkatero. Dzinalo ndinkalidziwa, linali m'kati mwanga, koma kukamwa kunalibe njira yake. Ndiponso munthu yemwe sitinamumetere kachiwiri sitimutchula mwachisawawa, timati malemu.

"Ndi abambo a ana anga," ndinatero.

"Inde, mayi, koma pachimkuzamawu sangaitane choncho."

Ndinatembenukira kwa akulu anga. "Usandiyang'ane ine," anatero. "Unapereka wekha, tchula wekha."

Ndinayesa. Ndinatsegula pakamwa, koma dzina silinatuluke. Apulofesolo ankadikira, dona ankayang'ana dzuwa. Pamenepo alamu anasendera pafupi ndi apulofesolo, anavula chipewa, n'kulinena chapansipansi, monga munthu akuitana mnzake yemwe wagona.

Dzuwa litapendeka anatisonkhanitsa pabwalo. Akuluakulu a boma anakhala pamipando pansi pa mbendera, ndipo analankhula nthawi yaitali zomwe sindinazimve. Anaitana wa ng'ombe, wa kachewere, mayi wina woumba mbiya yemwe anapita akuvina, abale ake akululutira. Kenako dzina lija linatuluka pachimkuzamawu. Linamveka bwalo lonse, linakagunda kumasitolo n'kubwerera. Chiyambire sindinalimvepo likunenedwa mokweza chotero. Ndinayang'ana kumbuyo, sindidziwa kuti ndinkayembekeza kuona yani.

Amayi ena achikulire a kwathu omwe analipo anagwira pakamwa. Ena, osadziwa kuti mwini dzina anamwalira, anayamba nthungululu. Oluka aja anaomba m'manja onse pamodzi, mwaulemu, manja atawapinda monga timaombera akuluakulu, ndipo alamu ndi omwe ankamveka kwambiri. Akulu anga anandikankha kumsana. Ndinayenda pakati pa bwalo ndi nsalu yanga yakuda, kansalu ka mphale kali m'manja chifukwa ndinaiwala kukasiya. Mzungu wina wamtali anatambasula dzanja, ine ndinagwada, iye anasowa chochita n'kuwerama. Anandipatsa khasu latsopano. Ndinaima nalo osadziwa kuti ndilire, ndithokoze, kapena ndibwerere, mpaka apulofesolo anabwera kudzanditsogolera.

Pobwerera tinadutsa pafupi ndi msasa uja. Anali atayamba kale kulongedza. Ndinaona lichero lija lili pamwamba pa mphasa zokulungidwa, kansalu kofiira kakuuluzika. Sindinaime.

"Tapita ndi gaga, tabwera ndi khasu," anatero akulu anga tili m'njira. "Lichero ukabwerekabe kwa ine." Koma atayenda pang'ono anandilanda khasulo n'kulisenza okha, ndipo anati, "Komatu linamveka, iwe. Mpaka kumasitolo."

Kumudzi nkhaniyi inakambidwa masiku ambiri. Ena ankati ndinalakwa kulola kuti munthu aitanidwe pagulu asanaperekezedwe, kuti tamudzutsa ali m'njira. Ena ankati mzimu wake unakondwa. Malume a malemu atabwera kudzameta kachiwiri anandifunsa zonse, anamvetsera, kenako anangoti, "Ndiye khasulo lili kuti?" Ndinawaonetsa, analiyesa kulemera, n'kundibwezera. Palibe choipa chomwe chinachitika pamudzi, palibenso maloto omwe ndinalota. Ndinakhala wosadziwa ngati ndinachita bwino.

Titameta, nsalu yakuda itachoka, alamu anabwera ndi akazi awo tsiku lina masana. Anali atanyamula chinthu chokulunga m'chiguduli. Atakhala pansi anachikankhira kwa ine ndi phazi, ngati chinthu chopanda pake.

Linali lichero, koma loipa. Pakati pake mbali ina panali pothina bwino, mbali ina nsungwi zinali zotayana, masitepe anayamba kukwera n'kusokonekera panjira. Mkombero unali wokhotakhota, chilambe pena chothina pena cholekerera.

"Ili ndi lomaliza," anatero alamu. "Analisiya pakhonde panga lopanda mkombero, anati abwera mawa. Ndinadikira kuti mumete."

"Anati ndi langa?"

Akazi awo anawayang'ana ngati akuwauza kuti avomere. Alamu anapukusa mutu. "Sananene. Ndikati anatero ndinama."

"Nanga mkomberowu mwamanga muli ataledzera?"

"Ndamanga ndi dzanja lamanzere, alamu. Munthu wokalamba ngati ine kuyamba kuphunzira. Taonani zala zanga mmene zachekekera. Musandiseke."

Ndinaligwira. Zala zanga zazikulu zinagona m'malo mwake. Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga madzi oti amwe, ndipo ndinakhalitsa pang'ono.

Lichero limenelo ndinapetera zaka zambiri. Linkadontha misere mbali yotayana ija, nkhuku zinalidziwa, zinkabwera kudzaima kumapazi kwanga. Litabooka ndinalizika ndi kachikopa ka mbuzi. La ku Tete lija sindinamvenso za ilo. Apwitikizi atachoka ndinafunsa munthu wina yemwe ankayenda kumeneko, anati zinthu za m'makoma zinamwazika, aliyense anatola chake. Mwina linafika kwa mkazi wina n'kumapetera, ndipo ngati zinatero, mphale inkamubwerera yokha osadziwa chifukwa chake.

Anzanga akabwera kudzabwereka langali ankalitembenuza n'kufunsa kuti analuka ndani chinthu chokhota chonchi. Ndinkawauza kuti pakati ndi abambo a ana anga, omwe anaitanidwa pachimkuzamawu ku Ulongwe, mkombero ndi alamu a kutsidya. Ankati, "Ndiye ndi la yani?" Ine ndinkati abweze msanga, ndili ndi mphale yoti ndipete.